Bedi la Apongozi ku Misasa

Mlendoyo adatulukira m'mawa wa tsiku lonyamuka, nkhungu isanachoke m'zigwa za Kasakula. Adali mayi wamfupi, wa imvi zochepa zosuzumira kunsi kwa duku, kaphukusi kali pamutu, ambulera yakuda ili m'manja ngakhale kumwamba kudalibe ndi kamtambo komwe. Sadaodire patali monga achitira alendo. Adangolowa pabwalo la Faines, nadutsa pakati pa mapoto ndi matumba a ufa amene ankadikira galimoto, n'kukhala pakhonde ngati munthu amene adachokapo dzulo.

"Mukupita ku misasa?" adafunsa.

Faines, mwini khomolo, adavomera. Mipingo ya Sabata ya chigawo chonsecho inkakasonkhana m'munsi mwa phiri kwa mlungu wathunthu, kugona m'misasa ya udzu monga ichitira chaka ndi chaka dzinja lisanayandikire.

"Basi, tipitira limodzi."

"Nanga ndinu ayani, amayi? Mwachokera kuti?"

"Dzina n'katundu, mwananga, ndipo msana wangawu sufuna katundu. Ndalisiya panjira. Muzingoti Alendo."

Faines adameza mafunso ake. Wopita kukapemphera sabwezedwa pakhomo.

Amene akadafunsa zambiri adali Lonjezo, mlongo wake wamng'ono wa Faines, koma tsiku limenelo ngakhale njovu ikadakhala pakhondepo iye akadangoipatsa moni n'kudutsa. Lonjezo ankayendetsa kagalimoto ka a Howard, konyamula anthu pakati pa Kasakula ndi Mponela. Adali mnyamata wa mtima wabwino ndi manja osauma, koma mutu wake unkakhala kumitambo. Pansi pano pankangotsala miyendo yopondera mabuleki. Ndipo chaka chimenecho mitamboyo idali ndi dzina: Luckness, mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Mponela.

Luckness adali atalola kale. Panjira padangotsala phiri limodzi, mayi ake a ku Msakambewa. Anyamata angapo adali ataterereka kale paphiri limeneli. Wina adakanidwa chifukwa choseka mokweza, wina chifukwa chosaseka n'komwe. Za Lonjezo mayiwo adangomva mbiri, ndipo yankho lawo lidali lalifupi: ankhoswe asavutike kuyenda, mnyamatayo ndiyambe ndamuona ndi maso anga. Choncho adapangana kuti Lachisanu, Sabata lisanalowe, Lonjezo akatenge Luckness ndi mayi akewo pa siteji ya Kasakula, adzagone ku misasa, amuone mnyamatayo, kenaka anene mawu awo. Akati ayi, ndiye kuti ayi; Luckness sadali mwana wolumpha mawu a mayi ake.

Lonjezo adali asanawaonepo. Tsiku lina Luckness adafuna kumuonetsa chithunzi chawo pafoni, iye adatseka maso ndi zikhatho zonse ziwiri. "Apongozi sayang'anidwa kumaso," adatero, "ngakhale pagalasi la foni." Paja kwathu kuno mkamwini akaona apongozi akubwera m'njira amapatukira kutchire, ndipo akakhala ndi mawu, mawuwo amadzera mwa wina. Lonjezo adauyamba ulemu umenewu ukwati usanayambe. Ndiye poti maso adawamana ntchito, mtima udajambula chithunzi chakechake: mzimayi wamtali ngati mbawa, wa mawu a bingu, wa magalasi otsetserekera kumphuno. Ngakhale dzina lawo sankalitchula mokweza, kuopa kuti lingamumve. Chinthu chimodzi chokha chenicheni chimene ankadziwa n'chakuti mayiwo ankavutika msana, ndipo pamkeka sakanatha kugona.

Apa ndi pamene nkhani ya bedi idayambira.

Lonjezo adali ndi matiresi ake a siponji, okhuthala bwino, ovekedwa nsalu ya maluwa ofwifwa imene Faines adasoka ndi manja. Adali akale, inde, koma ankalandira munthu ngati chikhatho.

"Uwapatse akowa apongoziwo," adatero Faines akumanga katundu. "Iwe ukagona pamphasa, sufa."

"Achemwali, mukufuna ndikanidwe ndisanapereke moni? Chinthu chofwifwa ngati chimenechi? Dikirani muone."

Adalowa m'nyumba natuluka ndi katoni, ataikumbatira ngati khanda. Dzulo lake adali atalowa m'sitolo ya a Husseni ku Mponela, momwe mumapezeka chilichonse kuyambira singano mpaka matayala a ngolo. A Husseni adamuonetsa kabedi kopinda, ka nsalu yolimba ndi miyendo yachitsulo. Lonjezo adati kakufanana ndi machira a kuchipatala. Adamuonetsa siponji yatsopano. Lonjezo adati siponji ili ndi aliyense. Kenaka maso ake adakwera pashelefu yapamwamba, pomwe padali katoni ya chithunzi cha dona atagona pa chinthu chabuluu, nyenyezi zili mbuu pamwamba pake, akumwetulira ngati munthu amene sadamvepo dzina la msana.

"Amenewo ndi opopa, achimwene," adatero a Husseni. "Mkatimo mulibe kanthu, ndi mpweya wokhawokha. Ndi abwino ndithu, koma amafuna kuwanyengerera. Pampu zilipo ziwiri: iyi yoponda ndi phazi, ndi iyi yamagetsi yolumikiza m'galimoto, pomwe mumatchajira foni paja. Kutchire ine ndikadatenga yaphaziyi. Phazi silitha moto."

Lonjezo adaiyang'ana pampu yaphaziyo. Idali yakuda, yofufuma, ngati chule wa m'dambo.

"Ankolo, ine ndizikavina pa chule anthu akuona? Ndipatseni yamagetsiyo."

"Chabwino. Koma popopa muziliza injini."

Mawu amenewa Lonjezo adawamva monga timvera wailesi ya kunyumba yoyandikana.

Tsopano pabwalo paja adakweza katoniyo kuti onse aone dona wa nyenyeziyo. Faines adapukusa mutu. Alendo adapendeketsa khosi, nayang'anitsitsa.

"Ndiye munthu n'kugona pamphepo?"

"Pamtambo, amayi," adakonza Lonjezo. "Apongozi anga adzagona pamtambo."

"Ali ndi mwayi mayi ameneyo," adatero Alendo.

Ku misasa kudali ngati mudzi wobadwa tsiku limodzi. M'mbali mwa phiri mudamera timisasa ta tsekera ndi mapesi, utsi uli tolotolo, makwaya akuyesa mawu pansi pa misuku, ndipo mwera unkatsika m'phirimo n'kumalowa m'malaya mwa aliyense osaodira. Lonjezo adasankha kachigwa kobisika ku mphepo, namangamo msasa wa apongozi paokha, wa khomo lokwezeka kuti munthu wamtali asawerame. Poti chingwe cha pampu chidali chachifupi, galimoto nayo adaitsitsira m'kachigwa momwemo, mphuno yake itagunda udzu wa msasa.

Pamene ankatsitsa katundu adaona Alendo akutuluka m'galimoto dzanja lili m'chiuno, mano ataluma mlomo. Sadaganize kawiri. Adasenza siponji yake ija napita nayo mumsasa wa Faines, natola timiyala tonse pansi, nayala udzu wouma, n'kuika matiresiwo kumbali yosafika mphepo.

"Mugone apa, amayi. N'zakale, koma n'zabwinoko kuposa mkeka."

"Nanga iwe?"

"Ine mphasa ilipo. Komanso masiku ano tulo sindikutidziwa."

Adachita zimenezi monga munthu atayira nkhuku madeya, osayembekezera zikomo, mtima uli kale ku katoni yake.

Madzulo omwewo adayala chinthu chabuluu chija, nalumikiza pampu. Kapampuko kadalira ngati chigayo cha ana, ndipo pamaso pa anthu nsalu yafulati idayamba kupuma, kutukumuka, kudzuka, mpaka idasanduka bedi lofika m'mawondo. Ana adakuwa. Mbiri idathamanga msasa ndi msasa kuposa moto wolusa. Adabwera a Solomoni, mkulu wa mpingo, nadina ndi chala, nati iwo sadaone poyambira. Lonjezo adaphwetsa, napopanso. M'mawa mwake kudabwera amayi a Dorika, mayunifomu ali psuu, nawonso nati atiyambire pachiyambi. Kenaka akwaya. Kenaka mlaliki wachilendo, amene adati muli phunziro la mafupa ouma m'menemu, aonenso kachiwiri kuti alimvetse.

Injini sankailiza. Mafuta adali akusowa m'dziko, ndipo a Howard adali atamuthirira ongokwanira ulendo wa Lachisanu ndi wobwerera kumudzi. Kuwonjezera apo, aliyense amene foni yake idafa ankatsikira m'kachigwamo ndi chingwe m'manja, ndipo Lonjezo kukana sankakudziwa.

"Iwe, batire si chitsime," adamuchenjeza Faines.

"Achemwali, batire limeneli limadzutsa injini yathunthu. Kapampu aka n'kachiyani? Kuli ngati kupempha ng'ombe kuti ikoke chitsononkho."

Padalinso chinthu china chimene dona wa pakatoni sadanene. Kumapiri kuno chisanu chikatsika, mpweya umadzikunga ngati munthu wopanda bulangete. M'mawa uliwonse Lonjezo ankapeza mtambo wake utafota pang'ono, uli lendee pakati. Ankafufuza bowo ndi khutu, ndi malovu, ndi thovu la sopo, osalipeza. Ndiye ankangowonjezera mpweya.

Alendo ankaonerera zonsezi ali pachitsa, ambulera ili pamiyendo. Palibe amene ankawadziwa pamsonkhano wonsewo. Ena ankati ndi a mpingo wa kuseri kwa phiri, ena ankati ndi azakhali a abusa. Iwo akafunsidwa ankangoyamikira nyengo. Koma ndi Lonjezo ankagwirizana ngati mchere ndi ndiwo. Iye akamapita kumtsinje ankatenga ndi ndowa yawo. Akaotcha mbatata ankawapatsa yapakati pa phulusa, yofewa. Dzuwa likapendeka ankawafunditsira madzi osamba, chifukwa adaona kuti ozizira amawaumitsa msana. Ndipo poti mtima wodzala sukhala ndi chivindikiro, ankawauza zonse.

"Akuti mayi amenewo ndi mkango, amayi. Akuti akakuyang'ana kamodzi amadziwa ndi zimene udadya chaka chatha."

"Akutero ndani?"

"Luckness adati ndi osamala. Zinazo ndidangomva mumtima."

Lachinayi masana, anthu atabalalika kukapumula, Lonjezo adabwera nkhope ili yothina.

"Amayi, ndithandizeni. Mawa ndi mawa. Khalani pomwepo, muyerekeze kuti ndinu apongozi anga, ine ndiyesere."

"Ine? Ndingathe?"

"Kufanana nawo simungafanane nawo, iwo ndi aatali, oopsa. Koma yesani. Kwinyani nkhope."

Alendo adakwinya nkhope, ngakhale milomo inkanjenjemera m'mbali. Lonjezo adabwerera m'mbuyo, nanjuta chapatali atapenya kumbali, naomba m'manja mofatsa. Poti nkhoswe padalibe, adasankha mtengo wa msuku.

"A Msuku, muwauze apongozi kuti tawalandira ndi manja awiri."

"A Msuku," adayankha Alendo ndi mawu okhuthala obwereka, "mumufunse mnyamatayo. Ndamva kuti ndi wamaloto. Mwana wanga azidzadya chiyani, maloto okazinga?"

Funsolo lidalasa pamalo. Lonjezo adaiwala msuku, adaiwala sewero, natembenuka kuwayang'ana m'maso.

"Amayi, zoti ndimalota n'zoona. Koma ndimadzukanso. Luckness akamasoka amaluma mlomo wam'munsi, fumbi la malole likumuthira m'maso, mvula ikabwera amathawa ndi makina pamutu. Ine ndikaona zimenezo mtima umandipweteka. Njerwa ndidaumba kale, zili kuseri kwa nyumba ya achemwali. Ndikufuna adzakhale ndi kachipinda kakekake kosokeramo, ka zenera lalikulu loyang'ana kuphiri. Chuma ndilibe. Koma sadzatunga madzi ine nditakhala pansi."

Alendo adapukuta diso ndi nsonga ya chitenje, nadandaula za utsi, ngakhale moto wapafupi udali utazima kale.

"Mawu amenewo ukawanene choncho," adatero. "Usakawonjezere mchere."

"Ayi, amenewa ndi ocheza. Chimene chikawagwetse ndi bedi. Bwerani mudzaliyese."

Adawatsogolera m'kachigwa muja. Alendo adavula nsapato, nakhala m'mphepete mwa mtambowo. Mtambo udathawira mbali ina. Adagona chagada, miyendo idakwera, mutu udamira. Adati atembenuke, bedi lonse lidatembenuka nawo limodzi likulira ngati mwanawankhumba.

"Mayo ine! Ndili ngati dzira m'mbale ya mafuta! Ndipo kunsiku kukuchokera chisanu. Ndidzutseni!"

Padafunika Lonjezo dzanja lina, Faines dzanja lina, kuti Alendo abwerere padziko. Ataima, adakonza duku napuma.

"Mwananga, ukadandifunsa ine, apongozi akowo ukadawapatsa siponji ija. Chifikireni kuno msana wanga sunanene kanthu. Ndikugona ngati mwana."

Lonjezo adamwetulira mwachifundo.

"Musakhumudwe, amayi, koma inu ndi iwo ndinu anthu osiyana. Inu mudazolowera zakumudzi. Iwo aja ndi mayi ake a Luckness."

"Ooo. Ndiye ali ndi msana wamtundu wina."

"Ndithu."

"Chabwino. Wowadziwa ndiwe."

Lachisanu kudacha ndi chisanu choluma makutu. Mtambo udali utafota kuposa masiku onse. Lonjezo adati lero lokha usandichititse manyazi, nalumikiza pampu. Adapopa mpaka makwinya onse adatha, napopabe mpaka pamwamba padali gwaa ngati ng'oma yowambidwa pamoto. Kapampu kaja mawu ake adayamba kutsika, kukoka, ngati woimba amene wagona ndi njala. Aliyense wa makutu akadamva. Lonjezo ankamva mawu a apongozi akuti, mwana uyu ndi wanzeru.

Kenaka adakumbukira chimene adaphunzira ali wamng'ono: mlendo wolemekezeka sagonera zogona zosayanika. Pathanthwe lalikulu la kumtunda amayi adali atayanika kale mabulangete ndi mikeka pokonzekera Sabata. Lonjezo adasenza mtambo wake pamutu, anthu akumupatukira, naugoneka pakati penipeni pa thanthwelo, pomwe dzuwa limamenya osaphethira. Adauphulira fumbi, napita kumtsinje kukasamba.

Dzuwa litapendeka adatulukira atavala malaya oyera ositidwa ndi makala, nsapato zikuwala, fungo la sopo likumutsogolera. Adalowa m'galimoto, napemphera mwachidule, napotokola kiyi.

Tche-tche-tche.

Adapotokolanso.

Tche. Kenaka zii.

Thukuta lidayamba kulemba mapu pamalaya oyera aja. A Solomoni adafika ndi amuna ena, atapinda kale mikono ya malaya.

"Musadandaule, a dalaivala. Tikankha!"

"Siyolira chokankha iyi, akulu. Ndi otomatiki."

"Chilichonse cha matayala chimakankhika," adatero a Solomoni, amene moyo wawo wonse adayendetsapo ngolo yokha.

Adakankha chifukwa cha chikondi. Koma galimoto idali pansi pa chigwa, kumene mwini wake adaitsitsira yekha, ndipo mbali zonse kudali chitunda. Inkakwera pang'ono n'kubwerera, kukwera n'kubwerera, ngati mwana wokana kusukulu. Lole imene idabweretsa anthu idali itapita, yobweranso potseka msonkhano. Abusa adali atatenga njinga yawo yamoto kukaona wodwala kuseri kwa phiri. Lonjezo adatulutsa foni kuti aimbire Luckness. Foniyo idali yakuda bii. Mlungu wonse adali akutchajira anzake, yake akuti aitchaja Lachisanu panjira.

Ndi pamene kuthanthwe kudamveka kuti phuu!

Nkhuku za ndiwo za Sabata zidadula zingwe. Amayi a Dorika adagwetsa zikho. Mwana wina adayamba kulira, wina adayamba kuseka, ndipo kuseka ndiko kudapambana. Mpweya umene Lonjezo adautsekera m'mawa uli wozizira udali utatenthedwa tsiku lonse pamwala, nufuna malo, nuwapeza. Pamene adafika pathanthwepo adapeza msoko utang'ambika kutalika kwa mkono, mtambo uli thasa ngati chikopa cha mbuzi.

Adautola, naukoka pansi mpaka pakhomo la msasa wa apongozi, nakhala pomwepo. Mumsasamo mudali mosesa bwino, maluwa akutchire ali m'botolo, koma pogona padali dothi lokhalokha. Adaimirira kuti athamange wapansi mpaka ku Kasakula.

"Khala pansi," adatero Alendo, amene adali atabwera ndi ambulera yawo. "Ukafika Sabata litalowa. Ndipo ukawanyamula pa chiyani, kumsana?"

"Amayi, zatha. Galimoto palibe, bedi palibe. Adzati anthu adanena zoona, mnyamatayu ndi wamphepo."

"Mwina adzatero."

"Simungandilimbitse mtima pang'ono?"

"Ndikudikira kaye. Taona uko."

Pachitunda padatulukira fumbi lofiira, ndipo m'fumbimo mudatuluka njinga yamoto ya kabaza. Dzuwa lidali litakhala pamutu pa phiri ngati likuganiza zotsika. Kumbuyo kwa njingayo kudatsika mtsikana wa diresi lobiriwira, chikwama m'manja, nsidze zili ndi fumbi. Adali Luckness, ndipo ngakhale nkhope yake idali yokwiya, Lonjezo adaona kuti phiri lonse lawala.

"A Lonjezo!"

Atamva "a" ameneyo adadziwa kuti zinthu zafika poipa.

"Ndakhala pa siteji chiyambire masana ngati thumba loiwalika! Inu kulibe, foni yanu yozima. Amayi anati tikumana pomwepo, nawonso kulibe, foni yawo chizimireni mlungu uno. Ndafunsa minibasi iliyonse. Kumudzi akuti adachoka kalekale. Amayi anga ali kuti, Lonjezo? Ine ndi—"

Maso ake adali atadumpha phewa la Lonjezo n'kukaima pa mayi wamfupi wa ambulera. Chikwama chidagwa pansi.

"Tseka pakamwa, mtsikana, mulowa ntchentche," adatero Alendo atakweza ambulera. "Usanene kanthu. Ndili ndi mawu ndi mnzangayu, ndipo ndikufuna ndiwanene tikuyang'anana, chifukwa ndikatola dzina langa pomwe ndidalisiya, kucheza kwathu kutha."

Faines, amene adabwera akuthamanga ndi mthiko m'manja, adaima chilili. A Solomoni adavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Lonjezo adanjuta pansi, dzanja lake likufufuza chogwira. Lidapeza m'mphepete mwa chinsalu chabuluu chija.

"Ndikadabwera Lachisanu monga tidapangana," adapitiriza Alendo, "ndikadaona chiyani? Malaya oyera, nkhongo ya munthu, ndi mawu odzera mumtengo. Mkamwini akakudziwa dzina amathawira kutchire, ndiye umudziwa liti mtima? Ndidati ndipite ndikadye naye mbatata akadali ndi pakamwa."

Chinsalu chabuluu chidayamba kukwera pang'onopang'ono. Chidafika pachifuwa.

"Ndaona zambiri. Ndaona munthu wosamva. Wogulitsa adakuuza, sudamve. Mlongo wako adakuuza, sudamve. Mwini msana adakuuza ndi pakamwa pake bedi limene akufuna, iwe udati mwini msanayo sakuwadziwa apongozi ako."

Wina kumbuyo adalephera kudzigwira. Chinsalu chidafika pachibwano.

"Mlungu wonse wakhala ukutumikira mzimayi wamtali wa magalasi amene sadabadwe. Udamumangira khomo lalitali, udamuthera batire, udamugulira mphepo. Koma ndaonanso china. Nkhalamba yopanda dzina udaitolera timiyala pansi. Udaipatsa pogona pako iwe n'kugona pamphasa. Udaifunditsira madzi osakuuza munthu. Zimenezo sudazione ngati kanthu, poti zidali m'manja mwako kale. Ife a Sabata fodya sitifwenkha, koma mwambi wa makolo sitidautaye: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

Ndipo ndi momwedi zidalili. Chimene Lonjezo adachikweza pachala kuti dziko lichione, mwera udachitenga pamaso pa mpingo wonse. Chimene chidamupulumutsa n'chomwe adali nacho chiyambire, chofwifwa, cha maluwa osokedwa ndi manja.

"Faines, mwananga," adatero mayiwo, mawu atasintha, nkhope atatembenuzira kumbali, "tsopano uwauze alongo akowo kuti ankhoswe awo abwere mwezi ukaoneka. Uwauzenso kuti siponji ija sabwezeredwa, ndikupita nayo ku Msakambewa. Iwo apitirize pamphasa mpaka kachipinda ka zenera lalikulu kathe."

Luckness adaphimba nkhope, osadziwika ngati akulira kapena akuseka. Kumtunda belu la Sabata lidayamba kulira, ndipo kwaya idatola nyimbo yolandirira dzuwa lolowa. Chinsalu chabuluu chidakwera kudutsa mphuno, kudutsa maso, mpaka chidaphimba mutu wonse. Potsiriza matiresi opopa aja adapeza ntchito imene ankaithadi: kubisa mkamwini pamaso pa apongozi.

Kuseri kwa chinsalucho kudatuluka mawu aang'ono.

"Achemwali, muwafunse... muwafunse kuti tiziti ndani."

Mayiwo adatsegula ambulera yawo kwa nthawi yoyamba mlungu wonsewo, naitchinga kumbali ya mnyamatayo monga mwambo ufunira, kumwetulira kuli kuseri kwake.

"Uwauze kuti dzina ndalitola. Ndine Roza Nankhoma, mayi wake wa Luckness."